Mmene Ndinasocheretsera Ana a Sukulu kwa Apwitikizi

Ntchito yanga inali yoperekeza ana a sukulu ya mishoni kumapiri, ndipo ndinkadzitama kuti njira za ku Lizulu ndingaziyende nditatsinzina. Tsiku lina nkhungu itagwa ndinasokera, koma ndinangopitirira ngati ndikudziwa, mpaka tinapeza amayi ena akukumba mbatata.

"Muno ndi mwa Apwitikizi," anatero amayiwo. "Bwererani msanga asilikali asanakuoneni!"

Aphunzitsi amene tinali nawo atandiyang'ana, ndinati, "Ndachitira dala, kuti anawa aoneko dziko lachilendo."

Pobwerera ndinali patsogolo, liwiro ngati mnyamata. Aphunzitsiwo, munthu wabwino, anandithokoza pamaso pa onse, n'kupempha kuti chaka chamawa tidzapitenso. Ndinavomera ndi manja awiri. Nthawi itakwana, ndinanama kuti mwendo ukundipweteka.