Bowo la pa nsalu ya ku Lisboa

"Nsalu iyi ndi ya ku Lisboa. M'Tsangano monse muno mulibe inzake."

Wonena zimenezi anali Dona Benedita, mkazi wa mwini chigayo ku Ntengo-Wambalame, pouza amayi a kwaya. Doroteia anamva ali kuseri kwa nyumba akukupizira makala a m'simbi.  Iye ndiye ankachapa nsalu ya pameza imeneyo, ndipo tsiku loyamba inkamveka kafungo kamene aliyense wogula zovala za kaunjika, zija amati kalamidade, pamsika amakadziwa. Mwina ku Lisboa nakonso kumanunkha choncho. Doroteia anali asanapiteko.

Anali mayi wamasiye wa ana awiri, mmodzi dzina lake Tiago, wodalira ganyu yochapa ndi kusita. Malemu mwamuna wake, Jordão, anali mmisiri wa matabwa, ndipo chuma chonse chimene anasiya chinali meza yodyerapo ya mlombwa imene anaipala ndi manja ake.

Tsiku lomwelo khala linathothoka m'simbi n'kugwera pakati penipeni pa nsalu ija. Linasiya bowo loti chibakera n'kulowa.

Dona Benedita anakana ndalama, zomwe zinali bwino ndithu chifukwa Doroteia analibe.

"Timetikali tanuto tingagule chiyani ku Lisboa, amake Tiago? Ndikufuna nsalu ngati yomweyi, ya mphonje za buluu. Pakadali pano meza yanu ija ibwere kuno, ikhale chikole."

Meza inachoka pa ngolo, miyendo m'mwamba ngati mbuzi yopita kumsika. Nsalu yopsayo anamuponyera kuti azifunda. Ana anadyera pamphasa, ndipo Tiago anafunsa kuti meza ya atate ibwera liti.

"Ibwera," anatero Doroteia. Liti lakelo sanatchule.

Inu amene mukuwerenga mwina mukudikira kuti patulukire malume olemera ochokera ku Joni. Sanatulukire. Chimene chinabwera ndi ubatizo wa mwana wa Lídia, mnansi wake, amene analibe choyala pa meza ya alendo. Doroteia anayala nsalu yopsa ija. Bowo analitseka ndi lichero, m'licheromo anaimika mabotolo atatu otsuka, m'mabotolomo anaika maluwa a kachewere, poti linali dzinja ndipo minda yonse inali mbuu ndi maluwawo. Anthu olima kachewere chibadwire anaima n'kumafunsana kuti maluwa otere agulidwa kuti.

Ntchito inayambira pamenepo. Katundu wake sankasintha: nsalu, lichero, mabotolo atatu. Inkasintha ndi nyengo. M'masika ankaika ngala za tirigu ndi makoko a chimanga opota ngati duwa. Kukazizira, thengo litauma, ankadzaza mabotolo ndi nyemba, zofiira pansi, zoyera pamwamba, n'kuimikapo makandulo. Mapichesi akachita maluwa ankathyola tinthambi, akapsa ankawaunjika m'lichero, alendo n'kudya ndi zokongoletsa zomwe.

Sikuti zinkayenda nthawi zonse. Pa phwando lina mbuzi inadya tirigu yense ansembe asanafike, ndipo Doroteia anabwerera kwawo chimanjamanja, anthu akumuseka. M'mawa mwake anakathyola tirigu wina. Bowo lija silinkalola kuti pakati pa meza pakhale popanda kanthu, choncho iye analibe ufulu wosowa nzeru.

Tsiku la msika likafika ankapita ku Tsangano kukafukula milu ya kalamidade, kufunafuna nsalu ya mphonje za buluu.

"Afika amayi a ku Lisboa!" ankakuwa ogulitsa. "Lero ndege sinatere, mudzabwerenso."

Ankabweranso. Zaka zinadutsa. A maukwati anayamba kumuitana mpaka ku Furancungo, iye pa njinga yamoto, lichero kumsana ngati mwana. Ana anabwerera kusukulu imene anali ataisiya. Meza yatsopano akanatha kugula, koma yatsopano sankaifuna.

Kenako Nélia, mwana wa Dona Benedita, anapeza mwamuna wa ku Furancungo. Akuchimuna anati wokongoletsa akhale Doroteia. Dona Benedita anali atakonzeka kale ndi maluwa apulasitiki a ku Tete, amene ankati safota. N'zoona sanafote, anangotuwa.

Meza ya akwati inali ya mlombwa ija. Doroteia anaipukuta nthawi yaitali kuposa mmene fumbi lake linkafunira. Anayala nsalu yake, naika lichero la maluwa a mapichesi pakati.

Nthawi ya mphatso itakwana, anaimirira ndi kamtolo m'manja.

"Ankhoswe a mbali zonse, ndithandizeni kuona."

Ananyamula lichero. Bowo linaonekera, lakuda m'mbali. Amayi a kwaya amene analipo kale lija anayang'anana. Ndiye anamasula kamtolo n'kutambasula nsalu yoyera ya mphonje za buluu.

Dona Benedita anaiyang'ana kuno ndi kuno. Anaifikitsa pamphuno, n'kuichotsapo msanga.

"Imeneyi mwaipeza kuti, amake Tiago?"

"Komwe inachokera inzakeyi, Dona."

 Dona Benedita anayang'ana apongozi awo atsopano, anayang'ananso nsalu.

"Ku Lisboa," anatero mokweza.

"Mwanena ndinu, Dona."

Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wosakonda nkhani zazitali, inafunsa ngati ngongole yatha.

"Yatha," anayankha Dona Benedita. "Mezayo ine ndinkangowasungira."

Nthungululu zinamveka, zina za ukwati, zina ayi. Doroteia anadikira mwaulemu kuti akwati amalize kudya. Mbale yomaliza itachoka, meza inakwera ngolo, ulendo uno itaima ndi miyendo yake. Itafika kunyumba, Tiago, amene anachoka pa meza imeneyo chibwano chikungofika pathabwa, anakhalapo mawondo akugunda kunsi. Amake anayala nsalu yopsa ija, naika lichero pamalo pake.

Inu amene moyo wakuotcherani pakati penipeni, nsaluyo musaitaye, ndipo mtima musautayenso. Tulukani panja, muone chimene chachita maluwa nyengo ino, mudzaike pabowopo.