Odi wa Akalipentala

Akalipentala ena ake anakhoma zitseko za anthu zaka makumi anayi, koma sankalowa m'nyumba osaodira, ngakhale kwawo komwe. Akaweruka ankaima pakhonde, utuchi uli mbuu kumutu, n'kukuwa kuti, "Odi kuno!" Akazi awo ankayankhira kukhitchini akuseka: "Odini, alendo athu!"

Mkamwini wawo, wolankhula chinenero china, anadzawaikira belu pachitseko. "Bambo, kwathu mawu oterowo kulibe. Timangodina apa basi."

"Ndiye kwanuko mumalonjerana ndi chala?" anafunsa mkuluyo. Belulo sanalikhudzepo n'kamodzi komwe.

Mayi aja anamwalira chaka chatha. Koma mpaka lero mkuluyo akafika pakhonde amaodirabe. Amadikira pang'ono, chipewa chili m'manja, kenako amapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.