Chipsera cha mfuti ya apongozi

Chipsera chili pamwamba pa diso langa lakumanjali anthu amayesa ndinachipeza ku ntchito, poti ndimawotcherera zitsulo ku Welshpool. Ayi ndithu. Chimenechi ndinachipeza chifukwa choopa kutsutsa apongozi anga.

Apongoziwo, bambo ake a mkazi wanga, anabwera kuno ku Perth kudzaona zidzukulu, akuti akhala miyezi itatu basi. Asanazolowere n'komwe, matenda a korona anavuta, malire anatsekedwa, ndege zinaima. Munthu amene anasiya chimanga chikumasula ku Kasungu anapezeka watsekeredwa m'kanyumba kathu ka lendi ku Armadale, osadziwa kuti adzabwerera liti.

Poyamba ankadandaula. Kenako anasiya ngakhale kudandaulako, ndipo apa m'pamene tinachita mantha. Ankadzuka n'kukakhala pakhonde la kuseri, maso ali pa mpanda wa malata mpaka dzuwa kulowa. Chakudya ankangochigwiragwira. Lamba wawo anachita kuboola bowo lina ndi msomali. Mkazi wanga ndi namwino, amadziwa munthu akamatha. Tsiku lina pochokera ku ntchito anandiuza misozi ili m'maso kuti, "Bambo akutithera m'manja, ndipo si matenda."

Ife tinkawasamala ngati dzira. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sadya nawo mbale imodzi, ndipo kuwatsutsa ndiye usayerekeze. Ine ndinakula nazo zimenezo ndipo ndinkazisunga monyadira. Akanena kuti kunja kukuzizira, dzuwa likuswa mtengo, ine ndinkati, "Ee bambo, kukuziziradi." Ana nawo Chichewa amamva, koma ankayankha m'Chingerezi cha m'mphuno chimene agogo awo sankachigwira. Munthu wamkulu uja ankakhala tsiku lonse akungovomerezedwa.

Ku ntchito ndinali ndi mnzanga, mzungu wandevu ngati tsache, amene mchimwene wake ali ndi munda wa mapeyala kumwera kwa mzinda. Agwape ankamuthera mitengo ing'onoing'ono. Osati tiagwape tathu tija, koma zinyama zikuluzikulu za nyanga zanthambi, zochenjera, zosalola munthu kuyandikira. Zimatulukira tsidya lina la chigwa, ndiye wofuna kuziomba amafunika mfuti yoponya patali molunjika. Mnzangayo anandinyengerera kuti nditenge laisensi, ndizikathandiza nawo, nyama izikhala yanga.

Madzulo ena ndinkafotokozera mkazi wanga kukhitchini kuti mutu wandizungulira posankha saizi ya chipolopolo, kaya .243, kaya 6.5, kaya .308. Iye sankamva n'komwe, anali kalikiliki kudula anyezi. Tinangomva mawu kuchokera pakhomo.

"Timfuti timeneto n'tophera nkhanga."

Tinatembenuka tonse. Anali apongozi, ataima okha, osaitanidwa ndi munthu. Paunyamata wawo ankagwira ntchito yothamangitsa njovu m'minda ya anthu, ndipo ine ndinali nditaiwaliratu zimenezo.

"Mfuti yeniyeni ikalira, mudzi wonse umadziwa," anatero. "Gulani yaikulu kuposa zonse, akamwini."

"Ee bambo, yaikulu," ndinayankha maso ali pansi.

Koma mumtima ndinkadziwa kuti palakwika. Mnzanga uja anali atandifotokozera kale pa nthawi ya nkhomaliro. Chipolopolo chikachepa kwambiri, mphepo imachikankha panjira, ndipo chimakafika kutali chilibe mphamvu. Mfuti ikakulitsa, imakankha phewa mpaka munthu umayamba kuiopa, n'kumatsinzina usanakoke n'komwe. Patali kunjenjemera pang'ono pokha kumavulaza nyama, n'kukafera kutchire ikuzunzika. Ndinapempha mkazi wanga kuti akawafotokozere bambo ake mwaulemu, koma anakana kwamtuwagalu.

"Mwawamva akuyankhula koyamba chichokere Pasaka, ndiye mukufuna ine ndikawazimitse? Kawauzeni nokha."

Sindinawauze.

Malamulo a mayendedwe atafewerako, mnzanga uja anatitengera kumalo ophunzirira kuomba, kunja kwa mzinda, kuti ndikayese mfuti zake. Apongozi anavala jekete ndi tayi, nsapato zopolisha, ngati akupita ku ukwati. Mfuti zitayalidwa patebulo, sanachedwe, analoza chimfuti chachitali chakumapeto, .300 maginamu, chimene mwini wake amaombera ngamila za kuchipululu. Mnzanga anakweza nsidze n'kunena kuti ndiyambire yaing'ono. Ndinayang'ana nsapato za apongozi, ndiye ndinati, "Yaikuluyo."

Ndinakhala pabenchi, n'kuika diso pa galasi loonera patali lija limamangidwa pamwamba pa mfuti. Mnzanga ankandiuza kuti ndibweze mutu m'mbuyo, ndipanikize mfuti paphewa. Ndinkamva ndithu, koma nzeru zonse zinali kwa munthu amene anaima kumbuyo kwanga. Ndinatsinzina n'kukoka.

Phuu! Abale inu, ndinaona nyenyezi masanasana. Mfuti inabwerera m'mbuyo, galasi lija n'kundiluma pansidze. Magazi anayenderera mpaka pakolala. Chipolopolo chinakadzutsa fumbi kutali ndi pepala lomwe ndinkalinga, mwina chikuyendabe mpaka lero.

Kenako ndinamva phokoso limene m'nyumba mwathu linali lisanamveke chibwerere iwo. Apongozi ankaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mawondo, misozi mbwembwembwe, zotseka m'makutu zitapendekera kumodzi.

"Yakupsompsonani, akamwini! Yakukondani imeneyi!"

Ululu ndi manyazi zitakumana, ulemu wanga wonse unathawa. Ndinawayang'ana m'maso, ndi diso limodzi lotsalalo, n'kukalipa kuti, "Bambo, chimfuti chanuchi n'chachabechabe! Kuno kulibe njovu!"

Nditadzimva ndekha, ndinagwetsa maso pansi. Zaka zonse za banja langa ndinali ndisanawayankhepo choncho. Ndinadikira kuti atembenuke, akakhale m'galimoto, abwerere ku mpanda wawo wa malata uja. Koma maso awo anawala ngati a mwana amene waona mpira. Anatulutsa mpango m'thumba n'kundipanikiza nawo pabala, osati mofatsa ayi.

"Chachabechabe ndi mfuti kapena phewa lanu lankhukuli?"

Tinakangana njira yonse yobwerera. Pofika kunyumba mawu anali atasasa tonse awiri. Mkazi wanga akundimata bala, ankangosuzumira kuchipinda chodyera, kumene bambo ake ankapala mbale ndi kufunsa ngati ndiwo zatsalako. Anandinong'oneza kuti, "Mwawatani bambo anga?" Ndinati ndawalalatira. Iye anati, "Mawa mukawalalatirenso."

Laisensi ya mfuti kuno imachedwa zedi, ndipo ndikuthokoza kuti inachedwa. Miyezi yonse yodikirayo, ndikangotsika sitima madzulo ndinkawapeza ali pageti, foni ya mwana wawo ili m'manja, atakonzeka kale. Za chimfuti chachikulu anazisiya mwakachetechete, osavomera kuti analakwa, n'kusamukira ku 6.5. Ankati chipolopolo chake n'chowonda, chimaboola mphepo, sichigwa msanga panjira, ndiponso sichikankha phewa la anthu ena amene sindiwatchula. Ine ndinakakamira pa .308. Ndinkati ili ndi thupi lokwanira kugwetsa gwape wamphongo, ndiponso nthawi imeneyo katundu ankachedwa panyanja, zipolopolo za 6.5 m'masitolo munalibe, pamene za .308 zinkapezeka paliponse. Mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo chabe, ndinkatero ine, ndipo munthu wosayeserera kuomba alibe chochita patali.

"Nzeru za m'golosale zimenezo," ankatero iwo. "Mukugula mfuti kapena sopo?"

Tinkakangana pothirira masamba amene iwo anadzala m'mphepete mwa mpanda uja. Tinkakangana pobwera kutchalitchi. Lamba anabwerera pabowo lake lakale, kenako n'kupitirira. Tsiku limene ndinasankha .308 anapukusa mutu n'kunena kuti, "Gulani yanuyo, tikaone manyazi anu." Loweruka lililonse ankandiperekeza kokayeserera, kuti akaone manyaziwo ndi maso awo.

Kumunda wa mapeyala tinapita nthawi yozizira. M'mawa kuli mbuu, ine ndinagona chafufumimba paudzu wonyowa, apongozi pambali panga ndi magalasi oonera patali, tayi ali m'khosi ndithu. Agwape anatuluka pamwamba penipeni pa tsidya lija, kupitirira pamene ndinkayesererapo.

"Ombani!" ananong'ona.

"Ayi bambo, patalika. Ndingomuvulaza."

Anatsonya mokweza moti ndinaopa kuti nyama zimva. Tinadikira, mawondo akuzizira, iwo akung'ung'udza za akamwini amasiku ano. Kenako wamphongo mmodzi anatsetserekera ku mitengo ing'onoing'ono n'kuima chopingasa. Apongozi anasiya kung'ung'udza, n'kundiuza kuti mphepo yaleka, udzu wasiya kugwedezeka. Ndinapuma, maso onse ali otsegula, n'kukoka. Gwape anagwa pomwe anaima, osaponyanso phazi.

Ndinatembenuka kuti ndimve chiyamiko. Iwo anatsitsa magalasi pang'onopang'ono.

"Ikanakhala 6.5 akanagwa msanga."

Koma abale! Nyama yagwa pomwepo, igwenso msanga bwanji? Ndinaseka mpaka kugubuduka paudzu, iwo akuseka nawo, akundimenya pamsana ngati ndatsamwa.

Posenda ndiye apongozi anavula jekete, n'kulanda mpeni m'manja mwa mnzanga. Ankatchula kale mabanja a anthu akwathu okhala ku Girrawheen amene alandire mwendo ndi amene alandire nthiti, anthu amene miyezi yapitayo ankakana ngakhale kuwapatsa moni pafoni. Mwini munda anatiwotchera chiwindi pa chitofu cha gasi kuseri kwa shedi. Ine ndinawaikira apongozi m'mbale yawo, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Kenako ndinatenga yanga n'kuyamba kulowera kuseri kwa galimoto, monga ndinkachitira zaka zonse.

"Akamwini, mukupita kuti?"

"Ndikadyere uko, bambo."

"Ndiye ine ndikangana ndi ndani? Bwerani nayo kuno."

Ndinabwerera. Analanda mbale yanga, n'kukhuthulira chiwindi changa m'mbale yawo, n'kusendera kuti ndikhale pa chigubu chomwe anakhalapo iwo. Ndinakhala pambali pawo. Tinadya mbale imodzi, zala zikugundana. Itatsala nthuli imodzi, yaikulu bwino, ndinaona dzanja lawo likupita, langanso linali litanyamuka kale, ndipo sindinalibweze.