Batani la Njovu la Martina Chulu

Martina Chulu anakulira ku Kakumbi, pakampu ya masikauti, pomwe atate ake a Ronnie ankagwira ntchito yolondera nyama. Kusukulu anzake ankamunena kuti atate ake amaweta njovu zomwe zimatha chimanga cha anthu. Iye ankangojambula kumbuyo kwa makope, ndipo luso lomwelo linamufikitsa ku koleji ku Lusaka kukaphunzira dizaini.

Ali chaka chachiwiri kunabwera mpikisano woti ophunzira aganize apu ya pafoni yothandiza anthu akwawo. Martina sanavutike kusankha. Anakonza batani limodzi lalikulu lokhala ndi chithunzi cha njovu, loti ngakhale wosadziwa kuwerenga alizindikire. Mlimi akalidina, uthenga unayenera kupita kwa masikauti ndi kwa eni minda yoyandikana. Sinali apu yeniyeni, zinali zithunzi chabe zosonyeza mmene ingagwirire ntchito, koma mphunzitsi wake anati akaionetse kwa alimi.

Anapita kwawo chimanga chitayamba kuuma. Azakhali ake a Delia, omwe nyengo imeneyo ankagona pamsanja kumunda, anadina batanilo kangapo akuseka, n'kupempha kuti awaikire m'kafoni kawo kakang'ono. Martina anawafotokozera kuti sinathe kupangidwa. Iwo anati adikira.

Atate ake anaiyang'ana nthawi yaitali ali pakhonde, akumasula zingwe za jombo. Anayamikira kuti njovuyo yafanana. Kenako anamukumbutsa kuti njinga yamoto ya pakampu inafa kalekale, komanso kuti njovu zikalowa minda ingapo nthawi imodzi, iwo amakhalapo awiri okha.

"Uthenga udzafika msanga, mwanawe," anatero. "Koma ine ndidzabwerabe ndi miyendo yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti aliyense adzadziwa kuti ndinamva."

Martina anabwerera nawo mawuwo ku Lusaka. Anasintha mitundu, anaikamo mapu a dera la Lupande, anawachotsanso. Chilichonse chomwe ankajambula chinkaoneka bwino, koma palibe chinasanduka njinga kapena mpanda. Anafuna kuchotsa dzina lake pampikisano, mphunzitsi anakana.

Tsiku la mpikisano oweruza anayamikira kuti ganizo lake n'losavuta kumva. Mmodzi anafunsa ngati alendo a m'maloji angaigwiritse ntchito podziwa kumene kuli njovu kuti akazijambule. Martina anayankha motsitsa mawu kuti n'zotheka. Anamupatsa satifiketi ndi kumuombera m'manja, koma panalibe amene anadzipereka kuti aipange.

Sipanapite nthawi, azakhali ake anamuimbira foni. Atapatsana moni wa mwaswera bwanji, anamuuza kuti njovu zalowa m'munda ndipo zangosiya mapesi othyokathyoka. Anaimba zitini pozithamangitsa mpaka manja anatupa. Atate ake a Martina anafika zonse zitatha.

"Nanga kanthu kako kaja katha?" anafunsa a Delia.

"Sikanathe, azakhali."

A Delia anati palibe kanthu, n'kumufunsa ngati akudya bwino kumeneko. Martina anayankha kuti inde, foni itaduka anakhala pansi pamasitepe a hostelo, osadziwa woti amuuze.

Masiku ano amagwira ntchito pashopu yosindikiza ku Mfuwe, akukonza zikwangwani za maloji ndi makhadi a maukwati. Za mpikisano uja salankhula kawirikawiri. A Delia anasamukira kwa mwana wawo ku Msoro, komwe amathandiza kutola thonje, ndipo munda wawo wa ku Kakumbi wamera tchire.