Madzi Ofunditsa Nsato

Mwana wanga wamkazi atapeza ntchito ku Mzuzu anandisiyira nsato yake. Sinali nsato ya kudambo yomeza mbuzi ayi. Inali yaifupi, yamawanga, ya mtundu uja umati ukachita mantha n'kudzikulunga ngati mpira, mutu n'kubisa pakati. Inkakhala m'bokosi lagalasi kuchipinda kwake, kwathu ku Area 25.

Anandilangiza akulongedza chikwama. "Amayi, mbali ina ya bokosi izikhala yofunda, ina yozizirira, izisankha yokha. Madzi asamathe m'mbale. Ikangodya musamaigwire. Ikadzikulunga, ilekeni."

Ndinavomera, koma mtima sunakhale pansi. Kuno wosunga njoka m'nyumba amati ngwokhwima, ndipo ine ndine mayi wa mpingo, wovala yunifolomu Lachinayi. Njoka ya m'munda uja, yonyenga munthu pachiyambi, ndimaidziwa. Ndimadziwanso Amene analenga zokwawa zonse naona kuti zili bwino. Ndinkapemphera, ziwirizi n'kumangokangana m'mutu mwanga.

Juni anabwera ndi chisanu, magetsi ofunditsa bokosi lija akuzimazima. Ndinkawiritsa madzi pambaula, kuthira m'botolo, kulikulunga m'chitenje chakale n'kuligoneka m'mbali mwa galasi. Nsato inakana mbewa, maso ake n'kuchita mbuu ngati mkaka. Pafoni mwana anati ikufuna kufundula, chachikulu isazizidwe.

Sabata yomweyo mapemphero a mlaga, aja timasinthana makomo, anagwera kwanga. Ndinasesa posesa kale. Chitseko cha kuchipinda ndinatseka, kutsegula, kutsekanso. Ndinaganiza zokabisa nsatoyo kubafa ya panja, koma simenti ya kumeneko ikanaipha.

Amayi anzanga anafika n'kukhala pamkeka. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo ndinkadziwa kuti botolo lazizira. Madzi atawira ndinanyamula ketulo, njira ya kuchipinda yodutsa pakati pawo.

"Tiyi tisanapemphere, amayi?" anafunsa mnzanga woyandikana naye nyumba, akuseka.

Bodza linali pafupi, lopepuka. Ndinaima ketulo ili m'manja.

"Ayi. Ndi ofunditsira njoka ya mwana wanga. Ili kuchipindaku."

Mnzanga uja anamanga chitenje, n'kuvala nsapato osatsanzika. Wina anamutsatira.

Amayi achikulire a ku Dedza, otsogolera mlaga wathu, anadzuka mogwira bondo. "Tiyeni tikaione."

Anawerama pagalasi nthawi yaitali. Kanyamako kanali katadzikulunga pakona.

"Kamanthatu aka. Kamadya chiyani?"

"Mbewa."

"Mbewa zabwinobwino? Ife tikudya bonya!" Anagwira botolo lija. "Lazizira ili. Thirani madziwo msanga, tikayambe."

Tinaimba ochepa tsiku limenelo. Mnzanga uja mpaka pano tikakumana pampopi amayang'ana kumbali, ndipo ndimamutchulabe m'pemphero. Nsato inafundula bwino, khungu lonse lathunthu ngati sokosi, kenako inadya.