Chiwaya cha Abambo

Dzulo pamsika wa Luchenza fungo la chimanga chokazinga linandiimitsa, ndipo ndinakumbukira abambo.

Atabwerako ku nkhondo ya Ajeremani, abambo analowa ntchito yolima tiyi. Lamlungu masana ankakhala pakhonde ndi a Muhiwa, mnzawo wotsimphina amene anaphunzira naye usilikali ku Zomba. Ankaseka za sajeni yemwe ankawagubitsa padzuwa mpaka mapazi kutuluka matuza. Kenako nkhani inkafika pa chiwaya chimene ankasenza m'mapiri mvula ili pamsana.

"Chikatentha chija sichinkagwirika," ankatero a Muhiwa.

Ine chiwaya ndinkadziwa chimodzi, cha amayi chokazingira chimanga. Tsiku lina ndinafunsa, "Ababa, nanga asilikali onsewo chimangacho chinkakwana?"

A Muhiwa anazyolika. Abambo anandikweza pamwendo, malaya awo akununkhira fodya ndi masamba a tiyi.

"Chinkakwana, mwanangu. Thamanga ukawauze amako atikazingire chathu."

Tinakukuta chimangacho atatu mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikunyadira kuti abambo anga anapita kunkhondo kukadyetsa anthu.

Ndinali kale pabanja pamene ndinamva kuti chiwaya chinalinso mfuti yolavula zipolopolo, ndipo mpaka lero ndimawathokoza kuti tsiku lija sanandiuze.