Buledi Wouma wa Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna anafika ku Birmingham m'nyengo yozizira, atanyamula sutikesi imodzi, Baibulo ndi kachikwama ka mankhwala a shuga. Akazi awo anali atamwalira chaka chomwecho, ndiye mwamuna wanga anati mdala asamangokhala yekhayekha ku Dedza, abwere adzapumuleko miyezi ingapo. Ine ndine nesi, ndimagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba ku Kings Heath. Choncho udindo wosamala moyo wawo m'nyumba mwathu ku Handsworth unagwera ine. Ndinaulandira ndi manja awiri, komanso ndi kamatama, ndisaname.

Nditaona kabuku kawo kolembamo shuga ndinapsa mtima. Kumudzi ankamwa tiyi wotsekemera ngati manyuchi, ndi masikono awiri pambali, kenako n'kudzibaya jakisoni ngati munthu wolapa tchimo limene akachitenso mawa. Ndinati pano zimenezo ayi. Ndinabisa shuga pamwamba pa kabati, ndipo ndinayamba kufunafuna chakudya cha m'mawa chokoma koma chosapha munthu.

Anandithandiza ndi mayi wina wachigiriki amene amaphika kuntchito kwathu. Tsiku lina anandilawitsa chimene iye amadya m'mawa. Kwawo ali ndi buledi wa barele wowotcha kawiri mpaka kuuma gwa, woti ukamuponyera galu akhoza kukuimba mlandu. Amamuviika m'madzi, n'kuikapo yogati wolimba wa kwawoko, nkhuyu zouma zoduladula, mtedza wosinja, sinamoni ndi kauchi pang'ono. Anandiuza kuti buledi ameneyu amakhalitsa m'mimba ndipo sakweza shuga msangamsanga. Ananenanso mawu ena amene ndinawamva bwinobwino ndi makutu anga awiriwa. Anati wachinyamata angomunyowetsa pang'ono kuti azikukutika, koma wokalamba amuviikire mumkaka mpaka afewe.

Ine ndinasankha wokukutika. Ndi amene anandikomera, ndipo apongozi anga sindinkawaika m'gulu la nkhalamba za kuntchito. Anali munthu wamtali, woyenda chilili, wolima mbatatesi moyo wake wonse.

Kwathu mpongozi sadya pamodzi ndi apongozi ake aamuna, ndipo sawayang'ana kumaso. Ndinaleredwa choncho, ndipo digiri sinachotse zimenezo. Mwamuna wanga ankalawirira kuntchito ku Coventry, ndiye m'mawa tinkatsala awiri. Ndinkamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, kukwera ndi thileyi, kugogoda, kugwada pakhomo la chipinda chawo, n'kuika thileyi pakatebulo maso ali pansi.

"Bambo, breakfast ija. Ndi ya healthy, ndangoikamo uchi pang'ono. Mubaye jakisoni, kenako mudye zonse."

"Zikomo mayi, mwavutika," ankatero apongozi.

Ndinkatseka chitseko n'kutsika. Pakapita kanthawi ndinkakweranso kukatenga mbale, ndipo ndinkaipeza ili mbee.

"Mwadya bwanji, bambo?"

"Ndakhuta, mayi. Anthu a kuno amadziwa zinthu."

Manambala m'kabuku kaja anayamba kutsika, ndipo ine mapewa anakwera. Kutchalitchi ndinasimbira amayi onse, mpaka ena anajambula paketi ya buledi uja pafoni. Amene anabwera kudzaona mlendo atanyamula zakumwa zotsekemera ndinawabweza nazo pakhomo, iwo n'kundinena kuti ndine wamwano. Sindinasamale. Ndinkati ndikupulumutsa munthu.

Zizindikiro zinalipo, ndipo nesi aliyense akanaziona. Cha m'ma teni koloko manja awo ankanjenjemera pogwira Baibulo. Tsiku lina ndinaona thukuta pakhosi pawo chikhalirecho panja pali chisanu. Ndinati ndi hita yotenthetsa m'nyumba, ndinaichepetsa. Lamba wawo anabooledwa bowo lina ndi msomali.

Lamlungu lina masana mwamuna wanga anandipeza kukhitchini.

"Adadi akuoneka kuti aluza weight," anatero. "Komanso amandifunsa ngati ufa wa phala umapezeka kuno."

"Kuluza weight ndiye point yake," ndinamuyankha. "Phala la shuga lija ndi limene lawafikitsa apa. Inu zanu ndi ma computer, za ma patient mundisiyire ine."

Anakweza manja n'kutuluka. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ine ndine mwana wa kumudzi. Ndimadziwa kuti munthu wamkulu sanganene kwa mpongozi wake kuti chakudya chako chandikanika. Amazungulira, amatuma mwana wake, amafunsa za ufa. Apongozi anga anafuula mmene mwambo unawalolera kufuula, ine n'kuyankha ngati mzungu. Safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinali ine, wodya phulayo n'kukhala wina.

Tsiku limene apongozi anagwa ndinali pa ofu. Ndinawapatsa thileyi monga mwa nthawi zonse, ndinatenga mbale yoyera, n'kukwera basi kupita m'tauni kukagula buledi wina, poti paketi inali itatha. Pobwera chitseko cha panja chinakana kutseguka bwino. Chinali kugunda phazi lawo. Anali gone pansi pa masitepe, mwendo umodzi utapindikira kunja, malaya ali chonyowa ndi thukuta lozizira, akulankhula zosamveka.

A ambulansi atawabaya chala anati shuga watsika kwambiri. Mmodzi anandifunsa ngati mdalayo anadya atabaya jakisoni. Ndinayankha mwaukali kuti anadya, ndinakonza ndekha, ndipo ndine nesi. Anangondiyang'ana, n'kulemba.

Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Anawachita opaleshoni, ndipo patangopita masiku ochepa chibayo chinalowa. Kuchipatala kulibe pogwada. Mpando uli pafupi ndi pilo, ndiye ufune usafune munthu umamuona kumaso. Masana ena nesi wa muwodimo anabwera kudzawatsuka m'kamwa ine ndili pomwepo. Apongozi anayasamula. Kutsogolo kunali mano owerengeka, ogwedera. Kumbuyo kunalibe ngakhale limodzi, nkhama zokhazokha, zofiira, zina zili ndi zilonda.

Kuntchito, wokalamba aliyense akangofika, choyamba ndimamuyang'ana m'kamwa. Ndimakhala naye pansi pakudya, kumuyang'anitsitsa supuni iliyonse mpaka ameze. Anthu osawadziwa, ena otukwana, ena ondilavulira. Koma bambo wobereka mwamuna wanga anakhala m'nyumba mwanga miyezi iwiri ine osadziwa kuti alibe chotafunira.

Nesi uja atachoka ndinasendera pafupi.

"Bambo, buledi uja munkatafuna bwanji?"

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Anapuma kangapo, chifuwa chikulira.

"Munkadzuka m'mamawa, mayi," anatero. "Munkavutika."

Ine ndinalibe mtima wofunsanso. Anamwalira sabata yotsatira, Lachinayi masana, mwana wawo atawagwira dzanja.

Pokonzekera kutumiza maliro kumudzi, mwamuna wanga anandipempha kuti ndilongedze katundu wawo, iye sakanatha. Ndinalowa m'chipinda chija koyamba osagogoda. Nditakoka sutikesi pansi pa bedi ndinamva fungo la nkhungu. Pansi pa suti yawo yakutchalitchi panali majumbo atatu omanga bwinobwino. M'kati munali buledi wanga, chidutswa chilichonse chokulungidwa m'nyuzipepala. Yogati ndi nkhuyu ankadya, n'kupukuta mbale. Buledi, amene anali chakudya chenichenicho choti chigwire jakisoni uja, ankasunga. Zidutswa zina zinali zonyenyeka m'mphepete, pamene anayesa. Pa chimodzi panali kadontho ka magazi kouma.

M'bini sakanataya, chifukwa ndikanaona n'kuchita manyazi. Komanso munthu amene anaonapo njala sataya chakudya. Ndiye m'mawa uliwonse ankabaya jakisoni wa munthu wokhuta, n'kudya supuni zingapo za yogati, n'kundithokoza.

Ndinakhala pansi pakapeti ndi majumbo aja pamiyendo, ndikulira, komanso nditakwiya. Ndinawakwiyira iwowo chifukwa cha ulemu wawo, ndinakwiyira amene anandiphunzitsa kuyang'ana pansi, koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha. Mkaka unali mufiriji masiku onsewo. Zikanangotengera kuviika buledi mphindi zochepa, kapena kuima pakhomo kamodzi kokha n'kudzutsa maso. Kenako ndinanyamula majumbo aja n'kukawaponya m'bini ya panja, pansi pa zinyalala zina, mwamuna wanga asanabwere. Sindinamuuze. Iye amadziwa kuti bambo ake anaterereka pamasitepe.

Tinaperekeza maliro ku Dedza. Titaika, alongo awo a malemu, amene ndi azakhali a mwamuna wanga, anandiitanitsa m'nyumba momwe munali amayi ambiri. Anandigwira dzanja n'kuwauza onse kuti andione.

"Mpongozi wathu ndi uyu," anatero azakhali. "Achimwene ankatiimbira foni, amvekere kuno ndili pabwino. Akuti mayi ameneyu ngakhale ndi wophunzira amagwada, ndipo tsiku lililonse amandikonzera chakudya cha madokotala ndi manja ake. Mwana iwe, Mulungu akudalitse. Unawasamala achimwene mpaka mapeto."

Amayi onse anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinagwada pamphasa, n'kuyang'ana pansi monga ndinaphunzitsidwira.